Chala cha Mayi a Zebo

Dokotala Tursunboy anatha zaka makumi atatu ndi zinayi akung'amba ndi kusoka manja a anthu mumzinda wa Kokand, ndipo Lachisanu ankayenera kukaphunzitsa madokotala achinyamata za gilomasi, kachotupa kamene kamabisala kunsi kwa chikhadabo n'kumazunza munthu zaka ndi zaka madokotala osakatulukira. Lolemba m'mawa, kunja kutayera mbee ndi chipale chofewa, anafuna munthu woti ayesererepo kafunsidwe ka wodwala, koma m'nyumba monse anangopezamo akazi awo, a Mastura, akudula karoti wothira mu mpunga wa masana.

"Make Zebo, tasiyani kaye mpeniwo. Lero ndinu wodwala."

"Lero lokha?"

"Lero lokha, ola limodzi basi. Khalani apa." Anakankhira kumbali buledi ndi mphika wa tiyi, n'kuyala kope patebulo.

A Mastura anapukuta manja n'kukhala pansi, mbale ya karoti ili pamiyendo. "Koma mudziwiretu, bambo a Zebo, ine zonamizira sindizitha. Mukandifunsa ndiyankha zoona."

"Odwala onse amatero. Dzina lanu, mayi?"

"Mwaliiwala?"

"Ndikufunsa ngati dokotala."

"Dokotalayo ndi amene anadzandifunsira ukwati kwa bambo anga. Akulidziwa."

A Tursunboy anapumira m'mwamba. "Chabwino. Chakubweretsani kuno n'chiyani?"

"Mwandiitana ndinu."

"Ndikutanthauza kuti pakupweteka ndi pati!"

A Mastura anatukula dzanja lamanzere n'kuimika chala chovala mphete, chikhadabo chake chili psuu ndi utoto wa hina.

"Ehee! Mwasankha bwino. Kachotupaka kamakonda zala za amayi. Kupwetekako kunayamba liti?"

"Chaka cha ukwati wa Zebo. Mphesa zikapsa zikwana zaka zisanu ndi ziwiri."

A Tursunboy anamenya tebulo mokondwa. "Ndendende mmene mabuku amanenera! Kumapweteka bwanji?"

"Kwambiri."

"Ayi, tafotokozani."

"Ngati wina watenthetsa msomali pamoto n'kumaukhomera kunsi kwa chikhadabo. Ululu wake umakwera mpaka m'phewa."

Cholembera chinathamanga papepala. Zaka zonsezi, anaganiza motero a Tursunboy, ndakhala ndi katswiri wa zisudzo m'nyumba osadziwa. "Nanga mukagwira madzi ozizira?"

"Sindigwira."

"Mutagwira?"

"N'chifukwa chaketu sindigwira."

"Zokongola! Munaonanapo ndi dokotala?"

"Tsiku lililonse."

"Aaa, musakokomeze. Palibe wodwala amaonana ndi dokotala tsiku lililonse."

"M'mawa ndi madzulo. Lamlungu ndiye tsiku lonse."

"Tingolemba kuti kawirikawiri. Ndiye iye anati chiyani?"

"Chaka choyamba anati ndi ukalamba, ndizipaka mafuta a kumchira wa nkhosa."

"Chalacho anachiona?"

"Kaya. Anali kuseri kwa nyuzipepala."

"Mbuzi!" anakuwa a Tursunboy, akulemba mwaukali wokoma. "Mbuzi ya dokotala! Anthu ngati amenewa ndi amene ndikawalalatire Lachisanu."

"Si mbuzi. Mbuzi ndevu zake zimakhala za pachibwano. Iyeyo zake ndi za pamlomo."

"Pitirizani, pitirizani. Kenako?"

"Chaka chachitatu anati ndi maganizo chabe, poti mwana wanga anakwatiwira kutali ku Tashkent. Anati ndipeze chochita."

"Mwamva? Maganizo! Dokotala akalephera kupeza matenda amathamangira kunena kuti wodwala wazungulira mutu. Taonani ndilembe ndi zilembo zazikulu: dokotala wotere asadzakhudzenso wodwalayo." Anadula mzere kunsi kwa mawuwo kawiri. "Sanakujambuleni n'komwe?"

"Anandijambulitsa chaka chachinayi, nditalira. Anakweza chithunzicho pawindo, n'kunena kuti mafupa ali bwinobwino, tiyi ali kuti?"

Cholembera chinaima.

"Dokotala anapempha tiyi kwa wodwala?"

"Amapempha nthawi zonse. Wobiriwira, wopanda shuga, kapu osadzaza."

A Tursunboy anayang'ana kapu yawo. Munali tiyi wobiriwira, wopanda shuga, wolekeza pakati. Dzanja lawo linapita lokha kukagwira ndevu za pamlomo. Analibweza msanga.

"Amuna onse a mumzinda muno amamwa choncho," anatero. "Basi, sewero latha."

"Linayamba?"

"Make Zebo, kodi mukunena ine?"

"Ine sindinatchule dzina la munthu. Za mbuzizo mwanena nokha."

"Inu mulibe gilomasi! Mwawerenga mapepala anga a Lachisanu, mwaloweza, ndiye mukufuna kundiseka."

"Zolemba zanuzo? Ngakhale wogulitsa mankhwala amachita kukuimbirani foni kuti mumuwerengere."

"Ndikuonetsani pompano kuti mulibe. Bweretsani phini wa pampango wanuyo."

A Mastura anasolola phiniyo n'kuwapatsa, koma dzanja lamanzere analibisa kumbuyo. "Mukandibaya, masana ano mudya buledi wouma."

"Sindibaya. Timangokhudza ndi kamutu kake, malo amodziamodzi. Pamene pali kachotupa munthu amadumpha. Inuyo simudumpha. Dzanja kuno."

Anayamba chakumphepete kwa chala. "Mukumva chiyani?"

"Phini."

"Kupweteka?"

"Ayi."

"Mwaona? Apa?"

"Phini yemweyo."

"Apa nanga? Mwaonatu, ine chala ndimachidziwa ngati..."

Kamutu ka phini kanatera pakati pa chikhadabo, chakutsinde. A Mastura anakuwa mokuti nkhunda zimene zinali padenga zinauluka zonse, mbale inagubuduka, karoti n'kumwazika pamkeka ponse. Anakumbatira dzanjalo pachifuwa, akugwedezeka uku ndi uku. Milomo inali itatuwa.

"Mwa... mwawonjeza," anatero a Tursunboy ndi mawu aang'ono. "Wodwala weniweni sakuwa choncho."

"Amakuwa bwanji? Ndiphunzitseni."

A Tursunboy ankadziwa bwino lomwe kuti amakuwa choncho. Anadzuka n'kukatenga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi m'chikwama chawo. Uku kunali kuyesa komaliza, ndipo munthu wosaphunzira udokotala sakanadziwa choti anamizire.

"Kwezani mkono m'mwamba."

"Ndifunse funso?"

"Ingokwezani!" Anakulunga lamba uja n'kumupopa mpaka magazi anasiya kupita kudzanja. Kenako anakanikiza ndi phini pamalo omwe aja, maso ali pankhope ya akazi awo.

A Mastura anali atatsinzina, mano ali gwa. Anadikira. Anatsegula diso limodzi. "Yambanitu."

"Ndikukanikiza kale."

"Bodza."

"Taonani nokha."

Anayang'ana phiniyo atakhala pachikhadabo, n'kuyang'ana amuna awo. "Kwasiya. Bambo a Zebo, kwasiyiratu! Ngakhale kaululu kaja kamakhalapo nthawi zonse. Musamasule!"

"Ndiyenera kumasula. Mkono ungafe."

"Ufe. Ndili nawo wina."

Mpweya utatuluka mu lamba muja, a Mastura anatukwana mawu amene amuna awo sankadziwa kuti amawadziwa. A Tursunboy anakhala pansi pakati pa karoti. Ululu woopsa, kamalo kamodzi kosakhudzika, kudana ndi kuzizira: zizindikiro zitatu zimene ankazikhomerera m'mitu ya ophunzira, zimene analepheretsa nazo mayeso ana a eni ake. Zonse zitatu zinkawathirira tiyi m'mawa uliwonse.

"Zosatheka," anatero. "M'nyumba mwanga?"

"Si m'nyumba. Ndi m'chala."

"Ndi hina wanuyu! Kachotupaka kamaoneka kabuluu kunsi kwa chikhadabo. Ndikanakaona bwanji inu mutapaka utoto?"

"Hina ndapaka Loweruka, pa chinkhoswe cha kwa aneba. Zaka zinazo chinali choyera."

"Ndiye simunanene momveka!"

"Ndinati chala chikundipweteka. Pali kanenedwe kena?"

"Munayenera kubwera kuchipatala, kutenga khadi, kukhala pamzere ngati anthu ena onse. Ine kuchipatala ndimamva."

"Ndinabwera. Mlonda anandizindikira, anati mayi musavutike ndi mzere, adokotala muwapeza kunyumba."

A Tursunboy anatola kachidutswa ka karoti n'kumakayang'ana ngati muli yankho. A Mastura anayamba kutola zina ndi dzanja limodzi, chala chodwalacho atachiimika padera. Kaimikidwe kameneko amuna awo ankakadziwa. Ankawaseka nako pamaso pa alendo, amati mayi a Zebo amagwira kapu ngati mkazi wa nduna.

"Buledi munasiya liti kukanda nokha?" anafunsa chapansipansi.

"Chaka chachiwiri. Munati ndayamba ulesi, wa kumsika sakoma."

"Nanga sokosi ija mumavala kudzanja pogona?"

"Munati ndikufuna kuyambitsa fasho."

"Ndipo mdzukulu wathu..."

"Amakonda kugwira zala. Ndiye ndimamunyamula atagona basi. Zebo amaganiza kuti mwana wake sindimufuna."

Apa a Tursunboy anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, ngakhale anali oyera kale.

"Make Zebo, ine ndine mbuzi."

"Mwalemba kale."

"Koma chimachoka! Tamverani, n'kanthu kakang'ono, si khansa ayi. Mawa tikakuikani m'makina aakulu aja ojambula m'kati mwa thupi kuti tione pamene kakhala. Kenako opaleshoni ya theka la ola, muli maso. Ululu wonse kutheratu."

"Kakang'ono bwanji?"

"Ngati kambewu kampunga."

"Wophika kapena wosaphika?"

"Zili ndi kanthu?"

"Wophika amafufuma."

"Wosaphika! Timabaya jakisoni patsinde pa chala kuti chichite dzanzi, timamanga kalamba kuti magazi asasokoneze, kenako timatukula chikhadabo..."

"Kupita nacho kuti?"

"Timangochiika pambali."

"Mudzandibwezera?"

"Timachibwezera pomwepo ngati chivundikiro, mpaka china chimere. Kunsi kwakeko timacheka pang'ono, kachotupako n'kutuluka konse ngati nsawawa m'khoko. Ndachotsa totere toposa makumi asanu. M'chigwa chonse cha Fergana mulibe wondiposa. Lachitatu ndikuchitani ndekha."

A Mastura anasuzumira pa kope lija. "Apa mwadula mizere iwiripa pakuti chiyani? Zilembo zazikuluzi ndiye ndikutha kuziwerenga."

"Izo ndi za sewero."

"Dokotala wotere asadza..."

"Ndimanena dokotala wina!"

"Uti?"

A Tursunboy anatseka kope lija. "Achita Shahlo," anatero pomaliza. "Ndinamuphunzitsa ndine, manja ake ndi abwino. Komanso malamulo salola munthu kung'amba mkazi wake. Koma ine ndidzaima pomwepo kumuyang'anira. Ana a masiku anowa ukawasiya okha amathamanga."

Makina anaonetsa kadontho kowala kunsi kwa chikhadabo, pamalo enieni pamene panatera phini. Lachitatu cha m'ma teni koloko a Mastura anali atagona m'fiyeta, hina atamupala, dzanja litatambasulidwa pakatebulo kuseri kwa nsalu yobiriwira. Dokotala Shahlo, mayi wamfupi wosalankhulalankhula, anali atabaya kale jakisoni. A Tursunboy anaima pakati, malo oti aziona nkhope ya akazi awo mbali ino ndi chala mbali inayo.

"Musaope, make Zebo."

"Sindikuopa."

"Aliyense amaopa. Palibe cha manyazi. Gwirani dzanja langa."

A Mastura anawagwira ndi dzanja lamanja. "Lanyowa."

"Muno mukutentha."

"Anesi avala majuzi awiri."

"Shahlo, mwana wanga, kalambako wamanga bwino? Waona nthawi? Usayambire pakati, yambira m'mphepete."

"Ndamva, aphunzitsi," anayankha a Shahlo osatukula mutu.

"Mukumva chilichonse, make Zebo?"

"Ndikumva inu."

"Ndikunena kuchala!"

"Kulibe. Ngati ndi cha munthu wina. Tandiuzani zimene akuchita, inetu sindikuona."

"Palibe chodabwitsa. Akulowetsa kachitsulo kunsi kwa chikhadabo, pang'onopang'ono. Ntchito imeneyi ine ndimaichita uku ndikukamba za mpira."

"Kambanitu."

A Tursunboy anasuzumira kuseri kwa nsalu. Zikhadabo anali atatukula zambirimbiri: za alimi a thonje, za osoka nsapato, za ana ophwanyidwa ndi zitseko. Zonsezo zinali zikhadabo basi. Koma ichi chinali ndi kamzere koyera kumbali, kamene anakaona koyamba tsiku limene anaveka chalacho mphete pamaso pa abale onse. Chinatukuka mwakachetechete ngati chitseko cha kabati. Kunsi kwake kunali kadontho kabuluu, kozungulira bwino, kali phee ngati kakuwadikira.

"Ako," anatero a Shahlo. "Kokongola, aphunzitsi. Ngati ka m'buku."

"Kakuoneka?" anafunsa a Mastura.

"Kakuoneka," anatero a Tursunboy. Mawu awo anamveka ngati akuchokera m'chitsime. "Shahlo, bwanji mwapendeketsa tebulo?"

"Silinapendekeke, aphunzitsi."

"Ndiye ndani akuchepetsa magetsi? Pa opaleshoni sitisewera ndi magetsi."

"Magetsi ali bwinobwino," anatero a Mastura. "Inuyo ndi amene mwasintha mtundu. Mwafanana ndi nsaluyi."

"Ine? Ine zaka makumi atatu ndi zinayi sindina..."

"Bambo a Zebo, mukundikoka dzanja. Mukupita kuti?"

Sanamve yankho lawo lomwe. Anangomva kulira kwa beseni lachitsulo kutali kwambiri, ndi mawu a Shahlo akuti, "Asiyeni kaye pomwepo, akwezeni miyendo, ine nditsirize."

Atatsegula maso anaona denga loyera. Anali pabedi la matayala m'chipinda chopumira odwala, nsapato atawavula, miyendo ili pa mapilo awiri. Pamphumi pankakoka. Pampando wapambali panali a Mastura, atavala kale chikhoti ndi mpango, chikwama chili pamiyendo, chala chitakulungidwa bandeji yoyera ngati chidole. Ululu wa msomali wamoto uja sunadzabwererenso, ndipo mwezi usanathe anadzanyamula mdzukulu wawo ali maso, koma zimenezo panthawiyi anali asanazidziwe. Ankangodya zipatso zouma za maapurikoti zimene anabwera nazo m'thumba.

"Yayamba?" anafunsa a Tursunboy.

"Yatha kalekale. Kachoka konse. Akaika m'kabotolo, akuti akakapime."

"Wasoka bwino? Chikhadabo wabwezera?"

"Wabwezera. Kenako anasoka inu."

A Tursunboy anagwira pamphumi n'kupeza pulasitala. "Ndinaterereka. Pansi paja anakolopa mosasamala."

"Munaterereka mphindi khumi ndi zisanu."

"Ndinagwada kuti ndione bwino kuchokera kunsi."

"Maso munatseka."

"Alipo wina waona?"

"A Shahlo, manesi awiri, ndi ophunzira asanu ndi mmodzi amene anadzathandiza kukunyamulani. Akuti ndi a kalasi lanu la Lachisanu. Ana aulemu. Mmodzi anakugwirirani magalasi."

A Tursunboy anatseka maso, n'kulakalaka atakomokanso. Sizinatheke.

"Ine andisoka kawiri," anapitiriza a Mastura. "Inu kanayi."

"Basi, basi, zamveka." Anatsitsa miyendo, n'kukhala tsonga, n'kukonza kolala ya malaya. Chipinda chinazungulira kamodzi n'kuima. Anatsokomola kuti mawu a udokotala abwerere. "Tsopano tamverani malangizo. Dzanja likhale m'mwamba masiku atatu. Madzi ayi, mpeni ayi. Ndipo tiyeni ndikuperekezeni kunyumba, chifukwa lamulo la chipatala chino n'lakuti wodwala satuluka yekha popanda munthu wamkulu womuyang'anira."

"A Shahlo anena zomwezo," anatero a Mastura, akuimirira n'kupinda mkono wamanja. "Ndakusayinirani kale. Gwirani apa, muziyenda pang'onopang'ono."